Kuphunzira kujambula pamanja m'kalasi: kuyambira pa ndowa kufikira pa nkhope ya munthu

Ambiri amene amati "dzanja langa n'louma, zojambula si zanga" amagwa pa zinthu zomwezomwezo. Akajambula munthu, maso amakwera pamphumi. Akajambula ndowa, kukamwa kwake kumazungulira ngati mbale koma pansi pake mzere uli ndondondo ngati wa rula. Ng'ombe imatuluka ngati galu wa nyanga. Vuto silikhala dzanja ayi. Munthu amajambula zimene mutu wake ukudziwa kale, osati zimene diso likuona pa nthawiyo, ndipo amathamangira kudetsa chithunzi asanayeze kalikonse.

Malo ophunzitsa luso limeneli mozama, monga University of Malawi ku Zomba kapena Kungoni ku Mua, ali kutali ndi chigwa chathu chino cha Shire. Komabe kalasi yojambula sifuna zambiri: anthu 5 mpaka 8, mmodzi amene ali patsogolo pa anzake, ndi chipinda cha sukulu kapena cha tchalitchi Loweruka m'mawa, kaya ndi pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula kapena pa boma la Nsanje. Ntchito ya m'munsiyi yagawidwa m'magulu 3, ndipo aliyense ayambire gulu loyamba, ngakhale amene anzake amamutama kale.

Zofunika kukhala nazo

- Mapensulo 3: HB, 2B ndi 4B kapena 6B. Nambala ya kutsogolo kwa B ikamakula, pensulo imafewa n'kumada. Za H n'zolimba, zimasiya ngalande papepala, zisiyeni kaye. HB ili m'golosale iliyonse, zinazo mungafunike kutuma wopita ku Blantyre kapena ku Limbe.
- Mapepala oyera a A4, a 80 gsm aja osindikizira, osachepera 100 pa munthu. A mizere a m'kope amasokoneza diso. Gulu lachitatu lipezeko a A3.
- Thabwa lopyapyala losalala, lokulirapo kuposa pepala, ndi mapegi 4 oyanikira zovala.
- Chofufutira choyera chofewa. Labala wofiira wa kumchira kwa pensulo amapaka zofiira n'kukanda pepala.
- Lezala ndi kachidutswa ka sandipepa. Chosongolera chozunguza chimathyola 6B.
- Makala ojambulira (mapangidwe ake ali kumunsi), kansalu ka thonje kofewa, ndi kagalasi kodziyang'anira.
- Zoti muzijambula: dzira, ndowa, chigubu cha malita 20, mtsuko, dambe, lichero, mtondo ndi munsi.

Kukonza chipinda

Yambani 7 koloko m'mawa, pofika 9:30 mukhale mutaweruka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pansi pa malata kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, thukuta limayamba kudontha dzuwa lisanakwere n'komwe, ndipo dontho limodzi pa pensulo ya 4B limasiya banga losafufutika. Aliyense aike kapepala kena pansi pa dzanja lojambulira.

Kuwala kulowere mbali imodzi yokha. Tsekani mazenera a mbali inayo ndi makatoni kapena matumba. Kukalowera mbali zonse, chinthu chimakhala ndi zithunzithunzi zitatu zofooka ndipo wophunzira sadziwa chotsata. Ikani chojambulidwacho patebulo pakati, anthu atalikire mamita 2. Lembani ndi choko pamene pali miyendo ya mpando wa aliyense komanso pozungulira chinthucho, kuti wina akachisuntha chibwerere pamalo pake. Thabwa lipendekeke, litsamire pa desiki kapena pa mpando wina, liyang'anizane ndi nkhope yanu. Mukaligoneka chafufumimba patebulo, chithunzi chimatalika kumtunda osazindikira, mumadzaona mutachiimika.

Gulu loyamba: dzanja ndi muyeso (masabata 6 mpaka 8)

1. Songolani ndi kugwira pensulo bwino. Sengani ndi lezala molunjika kutali ndi thupi mpaka nsonga itulukire pafupifupi sentimita imodzi, kenako isalazeni pa sandipepa. Musaigwire pafupi ndi nsonga ngati mukulemba mayeso. Gwirani chapakati kapena chakumchira, zala zili pamwamba pake, monga mmene mumagwirira kamtengo polemba pamchenga.

2. Masulani mkono mphindi 10 tsiku lililonse la kalasi. Dontho kumanzere kwa pepala, lina kumanja, lumikizani ndi mzere umodzi wochokera paphewa, maso ali pa dontho limene mukupitako osati pa nsonga ya pensulo. Mizere 30, kenako zozungulira 30, kenako zowulungika ngati dzira 30. Chenjezo: osamanga mzere ndi timizere tating'onoting'ono tokandakanda ngati nkhuku ikupalasa. Mzere umodzi wokhota pang'ono uposa timizere 20 tamantha.

3. Phunzirani kuyeza ndi pensulo. Apa ndi pamene pagona kalasi yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Tambasulani mkono wonse, chigongono chiwongoke, tsinzinani diso limodzi. Nsonga ya pensulo ilunjike pamwamba pa chigubu, chala chachikulu chitsetsereke mpaka chilunjike pansi pake. Umenewo ndiye msinkhu. Osasuntha chala, gonekani pensuloyo muone kuti mulifupi mwa chigubu mukulowa bwanji mu msinkhuwo: theka, kapena magawo 2 mwa 3? Papepala ikani timadontho 4, pamwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja, motsata zimene mwapezazo, musanajambule mzere uliwonse. Chigongono chikapindika ngakhale pang'ono, muyeso wachiwiri sugwirizana ndi woyamba. Diso lotsinzina likhale lomwelo nthawi zonse, msana utsamire pamalo amodzimodzi.

Kupendekeka kwa mzere kumayezedwanso ndi pensulo yomweyo. Igonekeni m'malere motsata m'mphepete mwa tebulo monga mukuonera, mudzifunse kuti ukanakhala muvi wa wotchi ukanaloza nambala iti, kenako tsitsani dzanja papepala osalipotoza.

4. Jambulani ndowa. Yambani ndi mzere woima wosaoneka bwino pakati pa pepala, msana wa ndowayo. Kukamwa kwa ndowa n'kozungulira, koma poti mukukuonera chammbali kumaoneka kophwatalala ngati dzira logona. Yezani kuti kuphwatalalako n'kotani: ambiri amakutsegula kwambiri chifukwa mutu ukudziwa kuti mumalowa madzi. Kumapeto kwake kusasongoke ngati njere ya dzungu, kukhote mofatsa. Pansi pa ndowa napo m'pokhota, ndipo ndowa ikakhala m'munsi mwa maso anu pansipo pamakhota kuposa kukamwa. Jambulani chowulungika chonse cha pansi, ndi mbali yobisika yomwe, mudzafufuta pambuyo pake. Mtondo, mtsuko, kapu ndi mateyala a njinga zonse zimatsata lamulo lomweli.

5. Jambulani mipata m'malo mwa chinthu. Imikani mpando wamatabwa kapena njinga ya kabaza kukhoma loyera. Musajambule mpando, jambulani timipata ta pakati pa miyendo ndi pakati pa timatabwa totsamira. Mutu sudziwa dzina la mpata, choncho umakakamizika kuona. Mipata ikalondola, mpando umatulukira wokha.

6. Musadetse kalikonse m'gulu lino. Mizere yokha, ndi HB, mopepuka moti chofufutira chingodutsa kamodzi. Woti apite gulu lachiwiri ajambule chigubu, ndowa ndi dambe zili pamodzi mu mphindi 40, wina ayeze ndi pensulo ali pampando womwewo. Misinkhu ikagwirizana, wadutsa.

Gulu lachiwiri: kuwala, mdima ndi kutalika kwa malo (miyezi 2 mpaka 3)

7. Pangani makwerero a mdima. Mabokosi 5 oyandikana, lililonse masentimita 3. Loyamba lisiyeni loyera, lachisanu lide mpaka pomaliza pa 6B, atatu apakatiwo akwere mofanana. Detsani ndi mizere yoyandikana yolowera mbali imodzi, kenako ina yopingasa pamwamba pake. Mdima umabwera posanjikiza, osati pokanikiza. Pensulo yokanikizidwa imanyezimira ngati chitini ndipo pepala limatupa. Kapepala aka kasungeni, muzikayandikiza pa chithunzi chilichonse.

8. Jambulani dzira pa pepala loyera, pafupi ndi zenera. Tsinzinani pang'ono maso onse mpaka zinthu zizioneka mwachimbuuzi, mudzaona zigawo ziwiri zokha, kowala ndi kwa mdima. Lembani malire ake mopepuka, detsani kwa mdima konse ndi bokosi lachitatu. Mukatero fufuzani zina: mdima wandiweyani suli m'mphepete mwenimweni mwa dzira koma chamkati pang'ono, pamene dzira likutembenukira kumbali; m'mphepete mwa kunsi muli kuwala kofooka kobwerera kuchokera papepala; ndipo pakuda kuposa ponse ndi kamzere kamene dzira lagunda pansi. Apa ambiri amakondwa ndi kuwala kobwererako n'kukusiya koyera. Kukayera ngati mbali ya kuzenera, dzira limaphwa, limasanduka mbale. Chithunzithunzi cha pansi chimathwa pafupi ndi dzira n'kumafewa chikamatalikira.

Osafikisa ndi chala. Chala chili ndi mafuta ndi thukuta, chimasiya mabanga ndipo pamalopo pensulo sigwiranso bwino. Pindani kapepala mothina ngati ndudu, kapena gwiritsani kansalu.

9. Bwerezani pa mtsuko, pa dambe ndi pa lichero. Mtsuko wadothi ndi dzira lalikulu lakuda. Dambe lili ndi ubweya wosalala, silinyezimira, choncho lilibe kadontho kowala. Pa lichero, detsani kaye mbale yonse ngati yosalukidwa, malukidwe muwaonetse pamalo amodzi kapena awiri pamene kuwala kukusanduka mdima. Woluka nsungwi iliyonse ndi pensulo amatha masiku atatu, chithunzi n'kukhala chophwatalala ngati mkeka.

10. Tulukani panja mukapeze mzere wa maso. Chigwa chino n'chathyathyathya, ndiye phunziro ili ndi losavuta kuno kusiyana ndi kumapiri. Imani pamalo otetezeka m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Ngabu, kapena kumapeto kwa mizere ya munda wa thonje. Gonekani pensulo patsogolo pa maso: pamene yadutsa ndi pomwe thambo likukumana ndi dziko. Lembani mzerewo poyambirira. M'mphepete monse mwa msewu mumakathera pa dontho limodzi pa mzerewo. Mapolo a magetsi amafupika akamatalikira, ndipo mipata ya pakati pawo imachepanso, chimene ambiri amaiwala. Mukajambula chiimire, mitu ya anthu akuluakulu oyenda pansi mumsewu imakhala pafupifupi pa mzere womwewo, wapafupi ndi wakutali yemwe; chimene chimakwera papepala ndi mapazi. Mukakhala pansi, mzere umatsika nanu, umadutsa anthu m'chiuno kapena m'ntchafu.

Mapiri a Thyolo amene amaoneka kum'mawa, kutsidya kwa Shire, apatseni HB yopepuka, opanda mitengo. Mdima wa 6B usungireni mlambe kapena ngolo imene ili pafupi nanu. Panja jambulani isanakwane 9 koloko kapena ikapitirira 3 koloko masana. Dzuwa lili paliwombo zithunzithunzi zimabisala pansi pa zinthu. Ofuna kujambula mabwato padooko akhale pamtunda patali ndi madzi, chifukwa munthu wojambula maso ake amakhala papepala ndipo Shire ali ndi ng'ona.

11. Jambulani zamoyo mothamanga. Mmodzi wa m'kalasi aime ngati akusinja, akusenza ndowa kapena akupalasa bwato, masekondi 30 okha, wina ali ndi wotchi. Gwirani mzere umodzi wochokera kumutu kudutsa msana kufika phazi limene lasenza thupi, kenako kupendekeka kwa mapewa ndi chiuno. Zala ndi nkhope ayi. Chitani 20 otero, kenako 5 a mphindi 2. Kukhola, yambani ndi ng'ombe yogona ikubzikula. Thupi lake ndi mgolo wogona, linunda lili pamwamba pa mapewa osati pakati pa msana, makutu ali m'munsi mwa nyanga. Pa mwendo wakumbuyo, chooneka ngati bondo loloza kumbuyo ndi chidendene. Bondo lenileni lili m'mwamba pafupi ndi mimba. Mukalakwa pamenepo ndiye galu uja.

Gulu lachitatu: nkhope ndi thupi

12. Mangani mutu musanaike diso. Dzira loima, losongokera kuchibwano, lalikulu ngati chikhato chanu. Mzere woima pakati, wina wopingasa pakatikati pa msinkhu wa mutu. Maso amakhala pa mzere wopingasawo, pakati penipeni kuchokera pamwamba pa mutu kufika kuchibwano. Aliyense amatsutsa akamva koyamba, ndiye muyezeni mnzanu ndi pensulo muone. Mulifupi mwa mutu mumalowa maso pafupifupi 5, ndipo pakati pa maso awiri pamakwana diso limodzi. Kunsi kwa mphuno kuli chapakati pa nsidze ndi chibwano. Makutu amayambira pa nsidze n'kuthera kunsi kwa mphuno, munthu akayang'ana molunjika. Iyi ndi miyeso yoyambira chabe. Kufanana ndi mwini nkhope kumachokera pa kusiyana kwake ndi miyesoyi, ndiye yezani munthu amene wakhala patsogolo panuyo.

Wojambulidwa akhale mphindi 20, apume 5. Mpatseni chinthu choyang'ana pakhoma, ndipo lembani ndi choko pamene pali mapazi ake. Kunyumba dzijambuleni nokha pagalasi.

13. Detsani khungu moyenera. Khungu lakuda silijambulidwa podetsa nkhope yonse ndi 6B. Yalani bokosi lachitatu pa nkhope yonse ndi 2B yogoneka, salazani ndi kansalu. Dulani chofufutira ndi lezala chikhale ndi nsonga, mutole nacho kuwala pamphumi, pamsana pa mphuno, pamasaya ndi pa mlomo wam'munsi. Kenako lowetsani mdima pansi pa nsidze, pansi pa mphuno, pa mlomo wam'mwamba ndi pakhosi pansi pa chibwano. Mphuno ilibe mizere m'mbali, ili ndi mthunzi mbali imodzi. Choyera cha diso musachisiye choyera ngati pepala, chili mumthunzi wa chikope. Mukachisiya munthu amaoneka wodzidzimuka. Mano musawalembe limodzilimodzi. Tsitsi ndi duku zitengeni ngati chinthu chimodzi chokhala ndi kowala ndi kwa mdima.

14. Yezani thupi ndi mutu. Munthu wamkulu woimirira amakwana mitu 7 kapena 7 ndi theka, mwana wa chaka chimodzi pafupifupi 4. Pakati pa msinkhu wa wamkulu ndi pamene miyendo yagawanikira. Chigongono chimafika m'chiuno, nsonga za zala pakati pa ntchafu. Chikhato chotambasula chimaphimba kuchokera kuchibwano kufika chapamphumi. Ophunzira amachichepetsa pafupifupi onse. Ikani dontho la mutu ndi la mapazi poyamba, apo ayi mapazi adzasowa malo papepala.

15. Kukopa pa foto kubwere pomaliza. Anthu adzakubweretserani zithunzi za makolo awo, ndipo ndalama yoyamba imachokera kumeneko. Sindikizani foto pa A5, lembani mabokosi a masentimita 2, pa A3 lembani a masentimita 4 ndi HB yopepuka, samutsani bokosi ndi bokosi. Njirayi imagwira ntchito, koma siphunzitsa diso. Woyambira pamenepa amatha zaka akukopa bwino, mukamuikira ndowa patsogolo n'kusowa poyambira.

Kupanga makala ojambulira

Makala a pambaula ndi olimba, amakanda pepala. Dulani timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, monga ta mabulosi, yesaninso mitengo ina yofewa ya kwanuko. Sendani makungwa, tiume masiku angapo, tiduleni mofanana ndi chitini chokhala ndi chivundikiro chachitsulo. Longedzani mothina kuti tisapindike. Boolani chivundikiro ndi msomali, bowo limodzi. Chitini chosaboola chimaphulika. Chiikeni pamoto pafupifupi ola limodzi. Pabowo padzatuluka utsi, kenako kalawi. Zikaleka, chotsani chitini, tsekani bowo ndi dothi, chizizire chokha. Mukatsegula chikadali chotentha makala amayaka n'kusanduka phulusa. Osagwiritsa chitini cha penti kapena cha mankhwala a thonje.

Makala sagwira pamwamba pa pensulo, amaterera. Ngati mukusakaniza, yambani ndi makala. Chithunzi chikatha chipopereni mankhwala owumitsa tsitsi aja mopepuka, kawiri, muli masentimita 30 kutali, panja. Pakapita zaka amafiiritsa pepala pang'ono.

Mphindi 15 zomaliza

Yalani ntchito zonse pansi motsamira khoma, aliyense abwerere m'mbuyo mamita 3. "Chakongola" ndi "chabeba" saphunzitsa munthu. Aliyense anene chinthu chimodzi choti chingayezedwe. Mnyamata angathe kufunsa wamkulu mwaulemu kuti, "Bambo, kodi khutuli silinatsike kuposa mphuno?" ndipo pensulo ndiyo iweruze. Wotsogolera asajambule pa pepala la wophunzira, asonyeze pa kapepala kapadera. Lembani deti kuseri kwa pepala lililonse, ngakhale loipa.

Zolakwa zimene zimabwerezeka

Kuyang'ana papepala nthawi yaitali kuposa pa chinthu. Diso lizikhala kwambiri pa chojambulidwa, papepala lizingocheukira. Wotsogolera akaona mutu wa wophunzira uli chowerama kwa mphindi yathunthu, adziwe kuti akujambula za m'mutu.

Kumaliza diso limodzi mpaka nsidze mbali zina zisanayezedwe. Likapezeka kuti lili pamalo olakwika, munthu amachita nalo chisoni kulifufuta, ndiye amapotoza nkhope yonse kuti ilitsate. Chithunzi chonse chizikula pamodzi.

Kuzunguliza chinthu chilichonse ndi mzere wakuda. Mbali yowala ya mtsuko imaoneka chifukwa cha mdima wa kumbuyo kwake. Detsani kumbuyoko, mzere usowe.

Kuopa mdima. Chithunzi chonse chimangokhala chotuwa, cha bokosi lachiwiri ndi lachitatu. Yandikizani makwerero anu aja, mufufuze ngati bokosi lachisanu lilipo penapake.

Chithunzi chopendekera mbali imodzi. Diso limazolowera cholakwa chake. Chionetseni pagalasi kapena chitembenuzeni chadodolido, tsaya lotupa ndi diso lokwera zidzaonekera pomwepo.

Kujambula kachinthu kakang'ono pakati pa pepala lalikulu. Timadontho 4 ta pa sitepe 3 tifike pafupi ndi m'mphepete, kusiya masentimita 2 kapena 3.

Kusakaniza magulu pa ntchito imodzi. Woyamba kumene akakhala pambali pa wojambula nkhope amasiya chigubu chake n'kuyamba kukopa za mnzake. Ngati chipinda n'chimodzi, gulu lililonse likhale ndi tebulo lake, misana italozana.

Kusunga molakwika. Mapepala opinda m'thumba la malaya kapena otsamira khoma la dothi amathera chiswe ndi chinyezi. Ikani pepala loyera pakati pa zithunzi ziwiri zilizonse, zipanikizeni pakati pa makatoni awiri, zilowe m'jumbo yapulasitiki zili zouma bwino. Okhala m'madera osefukira madzi ngati Makhanga, jumboyo izikhala pamwamba pomwe mumasunga ziphaso ndi makadi a kuchipatala, kuyambira Disembala mpaka Epulo.